Kamuvi ka M'kabokosi

Mdzukulu wanga wamkazi, amene akuphunzira ntchito ya zitsulo pa sukulu ina ya ntchito za manja, adabwera kwathu ku Area 23 tsiku lina Loŵeruka m'chaka cha 2023 atanyamula mapepala aŵiri. Adandipeza pa khonde ndikukonzekera phunziro la ku mlaga. Atandipatsa moni adayala mapepalawo pa tebulo nati, "Agogo, inu mudagwira lathe zaka zoposa makumi atatu. Tandiuzani, mapulani aŵiri aŵa ndi amodzi kapena ndi osiyana?"

Ndidavala magalasi ndi kuyang'ana. Onse aŵiri ankaonetsa kachitsulo kobulungira, kotalika ngati chala, kunenepa kwake mamilimita 20, ndipo manambala onse adali ofanana. Ndidayankha mosakayika kuti ndi amodzi. Iye adaseka, naloza pa ngodya ya m'munsi pamene pamalembedwa dzina la pulani. Pepala lina lidalembedwa ISO 8015, linalo ASME Y14.5-2018.

"Aphunzitsi athu akuti chitsulo chimodzi chomwecho pepala ili lingachilandire, koma ilo nkuchikana," adatero.

Ndidakhala chete nthaŵi ndithu, mpaka mwanayo adaganiza kuti wandikhumudwitsa. Koma mtima wanga udali utabwerera ku chaka cha 1983, ku nkhani imene sindidaifotokozepo ngakhale kwa ana anga.

Chaka chimenecho ndidali mnyamata wa zaka 22, nditangomaliza maphunziro a kusema zitsulo. Lilongwe adali atakhala likulu la dziko kuyambira mu 1975, ndipo ntchito ya amisiri idali yosasoŵa. Ndidalembedwa pa shopu ina ya cha ku Biwi, kumene tinkakonza zitsulo za magalimoto, za mathirakitala ndi za zigayo. Kapitao wathu adali bambo wachikulire wosalankhulalankhula, amene adagwirapo ntchito zaka zambiri ku Bulawayo, kokonzera sitima za pamtunda. Ine ndinkadziyesa wodziŵa, pakuti ndidali ndi setifiketi pamene iwo adalibe.

Aŵerengi amene simudagwirepo ntchito imeneyi, ndiloleni ndiyambe ndafotokoza chinthu chimodzi. Palibe mmisiri pa dziko lapansi amene angaseme chitsulo nichikhala mamilimita 40 enieni, osapitirira kapena kupereŵera ngakhale pang'ono. Makina amanjenjemera, mpeni wosemera umatha, ndipo chitsulo chimafufuma chikatentha. Wojambula pulani amadziŵa zimenezi, tsono m'malo mofunsa zosatheka amaika malire aŵiri, nati chitsulo chako chigwere pakati pa apa ndi apa. Malire ameneŵa amisiri amaŵatcha tolerance. Malo okhalapo beyaringi pa shafiti ya mamilimita 40 kaŵirikaŵiri amalembedwa 40 k6, kutanthauza kuti asachepere 40.002 ndipo asapitirire 40.018. Danga lonse limene mmisiri wapatsidwa kuti aphonyeremo ndi 0.016 ya milimita, ndipo tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa kanayi kapena kuposa pamenepo. Zimenezi ndinkazidziŵa bwino, ndipo dzanja langa pa maikiromita lidali labwino. Apa mpamene padagona kunyada kwanga.

M'mwezi wa Meyi, anthu ali pa kalikiliki wokolola, kudabwera mayi wina wamasiye wa mu mpingo mwathu, wa Chigwirizano, amene amuna ake adamsiyira chigayo ndi ana anayi. Shafiti ya chigayocho idali itathyoka. Mayiyo adadza ndi zidutswa ziŵiri zokulunga m'chiguduli, ndiponso kabuku kothimbirira ndi girisi kamene kadabwera ndi chigayo kuchokera ku South Africa. M'kabukumo mudali pulani ya shafiti. Kapitao adandipatsa ntchitoyo ine.

Pulaniyo ndidaiŵerenga yonse, kupatula chinthu chimodzi. Pakati pa shafiti, pamene pamakhala chiguli chonyamula nyundo zophwanya chimanga, padalozedwa kabokosi kakang'ono kogaŵidwa zipinda zitatu. M'chipinda choyamba mudali kamuvi kopendama, m'chachiŵiri 0,03 ndipo m'chachitatu A-B. Tibokosi totere tidationako ku sukulu, m'gaŵo lachitatu la buku la malamulo a kajambulidwe la ku Britain lotchedwa BS 308, koma tidangopitapo mothamanga sabata limodzi mayeso ali pafupi. Ndidakayang'ana kamuviko, ndipo ndikuvomereza pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu kuti ndidadziŵa kuti sindikukamvetsa. Kapitao adali chapafupi, akunola mpeni. Kuyenda mapazi asanu kukadakwanira. Koma mwini setifiketi akafunse bwanji kwa munthu wopanda setifiketi? Ndidadziuza kuti manambala a kunenepa ndiwo enieni, tinato ndi tokometsera chabe.

Ndidamanga chitsulo m'kamwa mwa makina ndi kusema mbali imodzi. Kenaka ndidachimasula, kuchitembenuza, kuchimanganso, ndi kusema mbali inayo. Ndidayeza paliponse, ndipo paliponse padagwera m'malire. Shafiti idatuluka yonyezimira ngati ndalama yatsopano. Mayi uja adalipira ndi ndalama zimene ndidamva pambuyo pake kuti zidali za katapila.

Patapita masabata atatu adabweranso. Chigayo chidayamba kunjenjemera tsiku lomwe adachilumikiza, nichimalira mosiyana ndi kale, ndipo tsopano mabeyaringi onse aŵiri adali atapsa. Kapitao adandiitana pamaso pa mayiyo. Ine ndidatenga maikiromita ndi kuyeza malo amene sadaperepeseke, mmodzi ndi mmodzi, ndikuŵerenga manambala mokweza. Onse adali olondola. Kenaka ndidanena mau amene ndimachita nawo manyazi kufikira lero: "Mayi, shafiti ilibe vuto. Kodi amene amayendetsa chigayo amathira girisi?"

Woyendetsa chigayo adali mwana wa mlongo wake wa mayiyo, mnyamata wa msinkhu wanga wochokera cha ku Nathenje. Madzulo a tsiku lomwelo adachotsedwa ntchito.

Taonani, makolo anzanga, m'mene bodza limavalira. Palibe nambala imodzi yonama imene ndidatchula. Ndidangosankha zoyenera kuyeza, ndi kusiya chimene ndinkachiopa.

Kapitao sadanene kanthu masana onse. Titaŵeruka, anzanga atapita, adandiuza kuti nditsale. Adatenga timiyala tiŵiri ta chitsulo tokhala ndi mphako ngati chilembo cha V, nagoneka shafiti ija pamenepo, malo a beyaringi ina pa kamwala kena, malo a beyaringi inayo pa kanzake. Kenaka adatulutsa m'kabati kawotchi koyezera, kamene kali ndi kamlomo kokhudza chitsulo ndi singano yoyenda pa nkhope yake. Adakhudzitsa kamlomoko pakati pa shafiti nati, "Zunguza pang'onopang'ono, mnyamata."

Ndidazunguza. Singano idanyamuka, kupita kutali, ndi kubwerera. Idayenda 0,4 ya milimita.

"Tsopano ndiŵerengere kabokosi aka."

Ndidati sindikadziŵa.

"Udadziŵa liti kuti sukadziŵa?"

Funso limeneli lidandipyoza kuposa kundikalipira. Ndidayankha zoona, kuti ndidadziŵa tsiku loyamba lomwe.

Pamenepo adakhala pansi nayamba kundiphunzitsa, mofatsa ngati palibe chimene chachitika. Chilembo A, adatero, ndi malo a beyaringi yoyamba, B ndi malo a yachiŵiri. Zilembo zimenezi ndi poyambira muyeso, monga m'mene womanga nyumba amayambira pa chikhomo cha pa ngodya. A-B ndiye kuti mzere wosaoneka wopyola pakati penipeni pa malo aŵiriwo, umene shafiti imazungulirapo ikakhala m'chigayo. Kamuvi kakutanthauza kuvina kwa chitsulo pozungulira mzere umenewo, ndipo 0,03 ndiye malire a kuvinako. Shafiti yanga inkavina koposa kakhumi. Chifukwa chake chidali chapafupi: kamwa la makina athu lidali lakutha, ndipo pamene ndidatembenuza chitsulo, mbali yachiŵiri sidakhalenso pa mzere umodzi ndi yoyamba. Adandigwiritsa chikhadabo pamene mbali ziŵirizo zidakumana, ndipo chinkakodwa mbali imodzi yokha. Ntchito yotere imafunika kupachika chitsulo pakati pa nsonga ziŵiri za makina, kuti ngakhale uchitembenuze chizizungulirabe pa mzere womwewo. Chigayo chimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi, ndiko kuti ka 50 pa sekondi. Chiguli cholemera chikapatuka pang'ono pokha pa liŵiro limenelo, chimamenya mabeyaringi usana wonse monga mayi amenyera mtondo, ndipo girisi sangathandize.

Maikiromita, adapitiriza, imangokuuza kunenepa kwa pamene waitsina. Nthochi ingathe kukhala yonenepa mofanana kuyambira ku mutu mpaka ku mchira, koma ndi nthochi basi. Tibokosi tija tidaikidwa kuti tinene zimene maikiromita singanene. Adatenga choko najambula pansi: kamzere kamodzi kogona, kuongoka, kabwalo, kubulungira, kabokosi kopendama ngati khoma lofuna kugwa, kusalala kopanda chitunda kapena chigwa, chilembo cha T chozondoka, kuima chilili pa chinzake, timizere tiŵiri topendama, kuyenda limodzi osakumana, kabwalo kokhala ndi mtanda, malo enieni a boo. Ena ndidaŵaphunzira masiku otsatira. Usiku umenewo ndidasema shafiti ina ndi chitsulo chimene mtengo wake adandidula pa malipiro, ndipo singano idayenda 0,02 yokha.

M'maŵa mwake kapitao adandinyamulitsa shafitiyo pa pheŵa, nati tikapereke tonse. Tidayenda wapansi kuchoka ku Biwi, kudzera ku Kawale, mpaka ku chigayo. Tili pafupi kufika adaima nati, "Kulumikiza ndilumikiza ine. Iwe ntchito yako ndi kukaŵauza mayi aja chimene chidaotcha mabeyaringi." Ndidaŵapeza akusesa gaga. Ndidagwada ndi kunena zonse. Mayiwo adandimvetsera osandidula, ndipo nditatha sadanene za ndalama zawo kapena za makasitomala amene adathaŵira ku chigayo china. Adangoti, "Mwananga, nanga mwana wa achimwene uja ndimuuza chiyani? Wapitatu dzulo ku esiteti ya fodya ku Kasungu."

Kuyambira pamenepo ndidakhala munthu wa mafunso, ndipo ndidafuna kudziŵa amene adayambitsa tizizindikiro timeneti. Mbiri yake imatifikitsa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Cha m'ma 1940, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ili m'kati, mmisiri wina dzina lake Stanley Parker ankagwira ntchito pa fakitale yopanga zida zophulitsira zombo. Iye adaona kuti zitsulo zina zimene oyeza ankazikana kuti maboo ake aphonya malo, zikayesedwa zinkaloŵana bwinobwino. Vuto lidali m'kalembedwe ka malire. Pulani ikati boo lingaphonye 0.1 cha kumanja kapena kumanzere, ndiponso 0.1 m'mwamba kapena m'munsi, ndiye kuti yajambula kamunda ka ngodya zinayi. Boo logwera pa ngodya ya kamundako limaloledwa, chonsecho latalikira pakati ndi 0.14, pamene boo lina lotalikira 0.12 molunjika kumanja limakanidwa. Mwana aliyense woŵeta mbuzi angaone cholakwika apa. Mbuzi yomangidwa pa chikhomo imadya udzu mozungulira, pakuti chingwe ndi chotalika chimodzimodzi mbali zonse. Parker adati malire a boo akhalenso bwalo. Bwalo lokhudza ngodya zinayi za kamunda kaja ndi lalikulu kuposa kamundako ndi magawo 57 pa 100 alionse, ndipo malo onsewo adabwezedwa kwa mmisiri popanda kuononga kanthu. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa anthu ambiri amayesa kuti tizizindikiro tija tidabwera kudzazunza amisiri, pamene kamodzi koyambirira kadabadwa pofuna kupulumutsa ntchito yabwino imene inkatayidwa.

Zikadakhala kuti dziko lonse lidagwirizana chinenero chimodzi cha mapulani, bwenzi nkhani yanga itathera pomwepa. Koma ife a ku Malaŵi sitipanga makina ambiri, timalandira. Pa shopu imodzi ya ku Biwi Triangle mungapeze injini ya ku Britain, pampu ya ku India, thirakitala ya ku America, galimoto ya ku Japan ndi chigayo cha ku China, ndipo chilichonse chidajambulidwa potsata malamulo a kwawo. A ku America ali ndi buku lawo lotchedwa Y14.5, limene lakhala likukonzedwanso, monga mu 1982, 1994, 2009 ndi 2018. Maiko ambiri a ku Ulaya ndi ena amatsata mabuku a bungwe la ISO, makamaka ISO 1101. BS 308 imene ife tidaphunzira idapuma mu 2000, ndipo m'malo mwake mudaloŵa BS 8888 yotsamira pa ISO. Ine nkhani ya kupuma kwakeyo ndidaimva patapita zaka, ndikuphunzitsabe anyamata za m'buku lakale.

Kusiyana kwina nkoonekeratu. Mapulani ambiri a ku America ali m'mainchi, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, monga maiko olankhula Chingerezi adagwirizanirana mu 1959. Munthu woŵerenga 0.05 ya milimita ngati 0.05 ya inchi wadzipatsa danga loposa milimita yathunthu. A ku South Africa ndi a ku Ulaya amalemba 0,03 ndi kamchira pamene ife timaika kadontho. Chizindikiro cha poyambira muyeso pa mapulani a ku America a m'ma 1980 chidali chilembo chokhala pakati pa timizere tiŵiri m'kabokosi, ndipo mu 1994 adatengera kachizindikiro ka ngodya zitatu ka ISO. Izi munthu amazizoloŵera msanga.

Kusiyana koopsa ndi kumene sikuoneka. Chitsulo chili ndi mbali zambiri, pepala lili ndi nkhope imodzi, tsono wojambula amaonetsa kutsogolo kwa chitsulo pakati, ndi mbali zina pambali pake. A ku America ndi a ku Japan chimene waona utaima kumanja amachijambula kumanja. A ku Ulaya ambiri chimene waona utaima kumanja amachijambula kumanzere, ngati chithunzithunzi chogwera pa khoma la kuseri. Njira zonse ziŵiri ndi zolondola, ndipo pa ngodya ya pepala pamakhala kachithunzi konga ndowa yogona pambali pa timabwalo tiŵiri, kosonyeza njira imene yatsatidwa. Mnyamata wina amene ndinkamphunzitsa m'zaka za m'ma 1990 sadayang'ane kandowako, ndipo adaboola zitsulo khumi ndi ziŵiri maboo ake ali ku mbali yolakwika, zonse zokongola, zonse zotayidwa. Sindidamkalipire kwambiri. Ndikadayamba bwanji?

Anzanga ena amati zonsezi ndi za azungu, ife timangoyerekeza chitsulo chakale ndi kusema chatsopano. Ndi zoona kuti ntchito yambiri ya m'mashopu mwathu imayenda motero, ndipo pali amisiri ku Biwi ndi ku Mchesi amene maso awo ndimaŵavulira chipewa. Koma chitsulo chakale chimakuuza m'mene chidathera, sichikuuza m'mene chidabadwira. Ndipo wina aliyense wotunga madzi pa mjigo amadalira tizizindikiro timeneti osadziŵa. Mjigo wa Afridev, umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, chiyambi chake chili konkuno ku Malaŵi, ku chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo udakonzedwanso bwino ku Kenya. Cholinga chidali chakuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi. Zimenezi zimatheka chifukwa mapulani ake ndi amodzi kwa opanga onse, kotero kuti kachipangizo kopangidwa ku India, kogulidwa m'sitolo ku Lilongwe, kamakaloŵa mu mjigo wa ku Mitundu popanda kupala. Wopanga wina akadumpha kabokosi kamodzi monga ndidachitira ine, amayi a mudzi wathunthu amabwerera ku dambo.

Tsiku lina poŵerenga buku la Ezekieli, mutu 40, ndidadabwa kupeza kuti mneneri, asanatchule muyeso uliwonse wa Kachisi wa m'masomphenya, ayamba wafotokoza mkono umene ukugwiritsidwa ntchito, kuti ndi mkono wamba woonjezerapo chikhato. Wolemba 2 Mbiri 3:3 nayenso achenjeza kuti mikono ya Kachisi wa Solomo idali ya muyeso wakale. Ndiye kuti ngakhale masiku amenewo mikono idalipo yoposa umodzi, ndipo wolemba wosamala ankatchula wake, monga mayi wogula chimanga pa msika amayamba wayang'ana ndowa ya wogulitsa ngati sidaphwanyidwe kunsi. Buku la 1 Mafumu 6:7 limatiuzanso kuti miyala ya Kachisi inkasemedwa komwe inkakumbidwa, ndipo pomanga sipadamveke nyundo. Abusa amalalikira zakuya pa vesi limeneli, ndipo ine sindiloŵerera ntchito yawo. Koma ngati mmisiri ndimadziŵa kuti mwala wosemedwa kutali ndi munthu wina sungakhale pa malo pake popanda nyundo, pokhapokha osema onse atamvana za muyeso ndi kuusunga ngakhale pamene kapitao sakuona.

Tibwerere tsono pa khonde paja. Mdzukulu wanga adandifotokozera mwambi wa mapepala ake, ndipo ndiyenera kunena kuti adaufotokoza bwino kuposa m'mene ine ndikadathera. Kachitsulo kaja kadalembedwa kuti kasachepere 19.9 ndipo kasapitirire 20.1. Pa malamulo a ku America pali lamulo loyamba, losalembedwa pa pulani koma logwira ntchito nthaŵi zonse, lakuti malire a kunenepa amalamuliranso maonekedwe. Kachitsulo kakafika pa 20.1 kayenera kukhala koongoka kotheratu, ndipo kakachepa kangapindike pokhapokha ngati kangaloŵebe konse m'boo langwiro la 20.1. Maganizo ameneŵa ndi akale, ochokera kwa William Taylor wa ku England amene adalembetsa njira yake ya zoyezera mu 1905. Pa malamulo a ISO zinthu ndi zina: chofunika chilichonse chimaima pachokha. Malire a kunenepa amangonena za kunenepa kwa pamene wayeza, ndipo za kuongoka zimafuna chizindikiro chakechake kapena malire ena olembedwa pa ngodya. Wojambula akafuna kuti lamulo lonena za boo langwiro lija ligwire, amaika chilembo E m'kabwalo pambali pa nambala. Kotero kachitsulo konenepa 20.1 paliponse koma kopindika pang'ono ngati nthochi, pepala la ISO lingakalandire, pamene la ASME likakana.

"Nanga olondola ndani?" ndidamfunsa, pofuna kumuyesa.

"Onse, agogo. Wolakwa ndi amene sadaŵerenge pa ngodya."

Adandiuzanso kuti mu 2018 a ku America adachotsa m'buku lawo zizindikiro ziŵiri, cha timabwalo tiŵiri kena m'kati mwa kanzake, ndi cha timizere titatu togona, chifukwa anthu ankazimva mosiyana ndipo kuziyeza molondola kudali kovuta; koma m'mabuku a ISO zikadalimo. Chizindikiro cha timabwalo tiŵiricho ine ndidachiyeza zaka zambiri ndi kawotchi, chimodzimodzi ndi kamuvi, ndipo ndidaphunzitsa ena kutero. Pa mapulani a ku America tanthauzo lake silidali limenelo kwenikweni. Ndidamva nkhope yanga ikutentha monga idatenthera pamaso pa kapitao, koma ulendo uno ndidafunsa, ndipo ndidafunsanso kachiŵiri pamene sindidamve. Agogo ake aakazi, amene ankasenda mbatata chapafupi, adaseka nati sadaonepo ine ndikuphunzitsidwa ndi mwana osatsutsa.

Pamene mwanayu adasankha ntchito imeneyi, abale ena adadandaula kuti mtsikana wokhoza masamu akadakhala namwino kapena mphunzitsi, osati kumadetsa manja ndi oilo. Maganizo otere alipobe pakati pathu, ngakhale m'mipingo, akuti ntchito za manja ndi za olephera mayeso. Ine ndimaŵaonetsa pulani imodzi ndi kuŵapempha kuti andiŵerengere. Chichokere pamene boma lidakhazikitsa TEVETA mu 1999, atsikana ovala ovolosi achuluka, ndipo amene ndakumana nawo saopa kufunsa monga tinkaopera anyamata a nthaŵi yathu. Mwina nchifukwa chakuti palibe amene amayembekeza kuti iwo akudziŵa kale.

Dzuŵa litapendeka ndidaloŵa m'nyumba ndi kutulutsa kawotchi kaja. Kapitao adandisiyira pamene ankapuma ntchito, ndipo kakhala m'kabokosi kake ka thabwa, kokulungidwa m'nsalu ya oilo. Pompatsa mdzukulu wangayo ndidamfotokozera nkhani yonse ya 1983, kuyambira pa kamuvi mpaka pa funso la girisi. Adamvetsera akuseŵeretsa kamlomo ka kawotchi ndi chala, singano ikuyendayenda. Nditamaliza adafunsa chimene ndinkayembekeza kuti safunsa.

"Nanga mnyamata wa ku Nathenje uja?"

Mayi aja adamlembera kalata, koma sadabwerere ku chigayo. Ndidakumana naye mu 1996 pa maliro ku Kawale, ali bambo wa ana asanu, akugwira ntchito ya ukalipentala ku Mchesi. Ndidamkokera pambali, kuseri kwa tenti, ndi kudzitchula kuti ndine yani. Adati akundikumbuka bwino. Ndidampempha kuti andikhululukire, ndipo adandigwira dzanja nati zidapita kalekale, ukalipentala adauphunzira ku esiteti komweko ndipo ukumdyetsa. Titatsala pang'ono kubwerera kumene kudali anthu, adandigwiranso pa mkono.

"Koma achimwene, girisi uja ndinkathira," adatero. "M'maŵa uliwonse, ndisanalize injini."